Mzere wa pa Ilala ndi Mzere wa mu Intaneti

Amene tinakwerapo sitima ya Ilala kupita ku Likoma tikudziwa kuti ulendo sutha sitimayo ikaponya nangula. Kwa zaka zambiri sitimayi yakhala ikuima pamadzi, kutali pang'ono ndi gombe, ndipo anthu ndi katundu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono amene amapita kumtunda n'kubwerera, kupita n'kubwereranso. M'sitimamo mumakhala matumba a chimanga, simenti, malata ndi makireti a zakumwa. Mumakhalanso mayi amene wangobereka mwana kumbuyo, kachikwama kali m'manja. Onsewa amadikira boti lomwelo. Oyendetsa atati atsitse kaye simenti yonse, mayi uja akhoza kuima pamzere mpaka dzuwa kupendeka, chonsecho ulendo wake wa pa boti ndi wa mphindi zochepa chabe.

Tayamba ndi nkhani ya boti chifukwa intaneti nayo imachedwa m'njira yofanana ndi imeneyi. Tikamaimba foni ya pa WhatsApp mawu n'kumadukaduka, timathamangira kunena kuti netiweki yavuta kapena bandulo yatha. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kawirikawiri njira imakhala ilipo ndithu, vuto n'kukhala kaimidwe ka pamzere: ndani adutse poyamba, ndani adikire, ndipo adikire mpaka liti. Zimenezi zimagamulidwa ndi malangizo olembedwa m'pulogalamu imene imayendetsa foni, kompyuta ndi router, kabokosi kaja kogawira anthu Wi-Fi. Malangizowo analembedwa ndi anthu, motero salephera kukhala ndi zolakwika. Pali anthu amene ntchito yawo ndi kufufuza zolakwikazo n'kuzikonza poyera, aliyense akuona. Tikufuna tione mmene ntchitoyi imayendera, ndi chifukwa chake ikutikhudza ife amene tili kumapeto kwa chingwe.

Chilumba cha kumapeto kwa chingwe

Likoma ndi chilumba cha masikweya kilomita pafupifupi 18. Pamodzi ndi Chizumulu chimapanga boma laling'ono kwambiri m'Malawi muno, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 14,000 m'bomali. Zilumbazi ndi za Malawi koma zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, moti munthu akaima pa gombe la kuvuma amaona mapiri a ku Cobué ali pafupi, pamene ku Nkhata Bay n'kwa maola angapo pa sitima.

Uthenga wochoka pa foni ya munthu wa ku Mbamba kapena ku Chipyela uyenera kuwoloka nyanja kaye. Ngati ukupita ku makompyuta a kunja, umatuluka m'dziko lathu, nthawi zambiri kudzera ku Tanzania kapena ku Mozambique, n'kukalowa m'zingwe za pansi pa nyanja yamchere monga SEACOM, chimene chinayamba ntchito mu 2009, ndi EASSy cha mu 2010. Penapake pa ulendowu pamakhala pothina, ndipo pothinapo ndi pamene mzere umayambira.

Pamzerewo pamaima zinthu zenizeni. Pali lipoti la mwezi la chipatala lopita ku Unduna wa Zaumoyo, ndalama za usipa zotumizidwa pa foni, ntchito ya wophunzira wa maphunziro a patali imene iyenera kufika kwa mphunzitsi isanakwane 12 koloko usiku, komanso mawu a mnyamata wa ku Johannesburg amene akufuna kumva mmene amayi ake adzukira.

Linux ndi mapaketi

Foni iliyonse ya Android ili ndi Linux m'kati mwake. Linux ndi mtima wa pulogalamu yoyendetsa chipangizo chonse. Inayambidwa mu 1991 ndi Linus Torvalds ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Lero imayendetsanso ma router ambiri ndi makompyuta ochuluka amene amasunga masamba a pa intaneti. Chilolezo chake, chotchedwa GPL, chimalola aliyense kuwerenga malangizo onse a m'katimo, kuwasintha ndi kugawira ena, bola naye aonetse zimene wasinthazo. Mapulogalamu otere ndi amene pa Chingerezi amati open source, ndipo ife tiziwatchula kuti mapulogalamu otseguka. Si achilendo kuno kwathu. Makina odina pagalasi amene bungwe la Baobab Health linayamba kuika m'zipatala za ku Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anadalira mapulogalamu otseguka, ndipo DHIS2, imene maboma amatumizira ziwerengero za zaumoyo, nayonso ndi yotseguka.

Tikatumiza chithunzi, Linux sichinyamula chathunthu. Imachiduladula kukhala timapaketi ta mabayiti pafupifupi 1,500 kalikonse, moti chithunzi cha mamegabayiti 3 chimakhala mapaketi pafupifupi 2,000. Kayendedwe ka mapaketiwa kamatsata dongosolo lotchedwa TCP. Wotumiza sadziwa kukula kwa njira imene ili kutsogolo, ndiye amayamba pang'onopang'ono n'kumawonjezera liwiro. Wolandira amayankha kuti zafika. Paketi ina ikatayika, wotumiza amazindikira kuti kutsogolo kwadzaza, amachepetsa liwiro n'kutumizanso yotayikayo. Tigwiritse mfundo imeneyi: kutayika kwa paketi ndi uthenga wouza wotumiza kuti achepetse.

Nzeru imeneyi inabwera pambuyo pa ngozi. Mu October 1986, kulumikizana kwa malo awiri a ku California, Lawrence Berkeley Laboratory ndi yunivesite ya Berkeley, otalikirana mamita osakwana 400, kunatsika kuchoka pa mabiti 32,000 pa sekondi kufika pa 40 okha. Makompyuta ankangotumiza mobwerezabwereza mapaketi omwewo m'njira yodzaza kale. Van Jacobson ndi Michael Karels anafufuza chimene chinalakwika, nakonza malangizo a TCP mu pulogalamu ya BSD Unix, ndipo mu 1988 anafalitsa zimene anapeza. Intaneti ya lero yaima pa kukonza kumeneko.

Nkhokwe itakula mopitirira

Tibwerere ku gombe, tsopano sitima ikukweza katundu wochoka pachilumba. Boti limanyamula matumba owerengeka pa ulendo umodzi, choncho pagombe payenera kukhala malo ounjikapo matumba odikira. Malowo akakhala aang'ono amadzaza msanga, kapitawo n'kuuza onyamula kuti ayambe aima. Akakhala aakulu ngati bwalo la mpira, palibe amene amauzidwa kuti aime, ndipo muluwo umangokula. Boti silithamanga kuposa kale. Chimene chasintha n'chakuti aliyense wofika tsopano akuima kumbuyo kwa mulu wautali.

Mu router, mu modemu ndi mu foni muli malo otere osungiramo mapaketi odikira. Akatswiri amawatcha buffer, ife tingati nkhokwe. Zipangizo zosungira uthenga zitatsika mtengo, opanga anayamba kuika nkhokwe zikuluzikulu poganiza kuti kutaya paketi n'kulakwa. Potero anatseka pakamwa pa kapitawo. TCP sinkalandiranso uthenga woti ichepetse liwiro mpaka nkhokwe yonse itadzaza.

Tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti njira yotumizira imanyamula mabiti 1,000,000 pa sekondi, ndipo nkhokwe imasunga makilobayiti 250, amene ndi mabiti 2,000,000. Munthu mmodzi akayamba kutumiza vidiyo ya ukwati, nkhokweyo imadzaza, ndipo paketi iliyonse yofika pambuyo imadikira masekondi awiri athunthu. Kuti anthu acheze bwino pa foni, mawu ayenera kufika asanathe mamilisekondi pafupifupi 150, milisekondi kukhala gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Masekondi awiri ndi nthawi yoposa pamenepo kakhumi ndi katatu. N'chifukwa chake anthu amalankhulira pamodzi, kenako onse n'kukhala chete, uyu akuti "mukundimva?" uyo naye akuti "mukundimva?".

Vutoli linali paliponse kwa zaka zambiri popanda dzina. Amene analigwira ndi Jim Gettys, katswiri amene anagwirapo ntchito ya One Laptop per Child. Mu 2010 ana ake ankadandaula kuti intaneti ya pakhomo pawo ikuchedwa, ndipo iye anazindikira kuti kuchedwako kumafika nthawi imene akutumiza mafayilo akuluakulu. Anayeza, napeza kuti mapaketi akudikira kupitirira sekondi. Vutolo analitcha bufferbloat, kutanthauza kutupa kwa nkhokwe. Anagwirizana ndi Dave Täht, amene anakhalapo ku Nicaragua akulimbana ndi netiweki za Wi-Fi, ndipo mu 2011 anayambitsa gulu lofufuza mankhwala ake.

Mmene anakonzera mzere

Mankhwalawo anabwera pawiri mu 2012. Kathleen Nichols ndi Van Jacobson yemwe uja anapeka njira yotchedwa CoDel. M'malo mowerenga kuchuluka kwa mapaketi amene ali m'nkhokwe, CoDel imayang'ana nthawi imene paketi iliyonse yadikira. Mulu wobwera mwadzidzidzi n'kutha msanga imausiya. Koma kudikirako kukakhala pamwamba pa mamilisekondi 5 kwa nthawi ya mamilisekondi 100 osatsika, imataya dala paketi imodzi kuti wotumiza amve uthenga ndi kuchepetsa liwiro. Kapitawo wapezanso mawu ake.

Gawo lachiwiri analemba Eric Dumazet, mmodzi wa akatswiri a mbali ya netiweki mu Linux. Iye anagawa mzere umodzi uja kukhala mizere ing'onoing'ono 1,024, kuti zimene munthu aliyense akutumiza ziime pamzere wakewake. Router imatenga pang'ono pamzere uwu, pang'ono pa winawo, mosinthanasinthana, ndipo mzere watsopano umene uli ndi timapaketi tochepa umatsogozedwa. Zili ngati kunena kuti boti lililonse lizinyamula matumba angapo a simenti, koma mayi wa kachikwama uja akafika akwere boti lotsatira. Simenti yonse idzafikabe pafupifupi nthawi yomweyo, koma mayiyo sadikiranso tsiku lonse. Njirayi imatchedwa fq_codel, ndipo inalowa mu Linux 3.5 mu July 2012. Mu 2018 inavomerezedwa m'zolemba za bungwe la IETF, limene limasunga malamulo a kayendedwe ka intaneti, ndipo chaka chomwecho njira ina yopita patsogolo, yotchedwa CAKE, inalowa mu Linux 4.19.

Zonsezi zinayesedwa pa ma router wamba a m'nyumba, pogwiritsa ntchito OpenWrt, mtundu wa Linux wa ma router. OpenWrt yeniyeniyo inabadwa mu 2004 chifukwa cha chilolezo chija. Anthu atazindikira kuti router ya Linksys WRT54G ikuyendera Linux, kampaniyo inayenera kutulutsa malangizo ake poyera, ndipo ena anayambira pamenepo.

Kusoka ukonde

Asodzi a chilimila amadziwa kuti ukonde susokedwa kamodzi. Amauyala pamchenga, kuyenda nawo diso ndi diso, kufuna pamene pang'ambika. Ntchito yokonza Linux ndi yotero, ndipo ngakhale dzina la chimene wokonza amatumiza ndi lakwathu: patch, ndiye kuti chigamba.

Ntchitoyi imayamba ndi munthu amene waona chachilendo n'kunena. Chotsatira ndi kuchititsanso cholakwikacho mwadala, chifukwa chimene sungathe kuchibwereza n'chovuta kuchikonza. Kenako amafufuza pamene chinalowera. Mtundu watsopano wa Linux umatuluka pafupifupi milungu 9 kapena 10 iliyonse, ndipo uliwonse umakhala ndi zigamba zoposa 10,000. Ngati mtundu wakale unkayenda bwino koma watsopano ukuvuta, wofufuza sawerenga zigamba zonsezo. Amayesa pakati penipeni. Vuto likapezeka pamenepo ndiye kuti linalowa m'theka loyamba, likasowa ndiye kuti lili m'theka lachiwiri. Amagawanso theka limenelo pawiri, n'kumapitiriza. Pa zigamba 10,000, kuyesa maulendo 14 kumakwana kuloza chigamba chimodzi cholakwacho. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wokonza akalemba chigamba chake amafotokoza chimene chinalakwika ndi chifukwa chake, ndipo anzake amachiwerenga, kuchitsutsa ndi kuchiyesa. Si zachilendo chigamba kubwezedwa katatu kapena kanayi chisanalandiridwe. Chikalandiridwa, dzina la wolemba limasungidwa m'mbiri ya Linux, ndipo kawirikawiri amalembanso dzina la amene ananena za vutolo ndi la amene anayesa.

Chitsanzo chimodzi chikuonetsa kuchepa kwa zolakwika zina. Mu June 2019 Jonathan Looney wa ku kampani ya Netflix anaulula vuto limene linatchedwa SACK Panic. M'malangizo a TCP munali kowerengera kamene kamathera pa 65,535. Munthu wa zolinga zoipa akanatha kutumiza mapaketi okonzedwa mwaukathyali mpaka chiwerengerocho kusefukira, ndipo kompyuta yonse inkazima, iye ali kutali. Cholakwikacho chinakhala mu Linux kuyambira mtundu wa 2.6.29 wa mu 2009. Kutseguka kwa pulogalamu sikutanthauza kuti zolakwika zimaoneka zokha. Kumangotanthauza kuti aliyense ali ndi ufulu woyang'ana, ndipo kwa zaka khumi panalibe amene anayang'ana pamalo amenewo mokwanira.

Zimene chigamba sichingathe

Tisanyengane, chigamba sichikulitsa boti. Pa 12 May 2024 zingwe za SEACOM ndi EASSy zinaduka pansi pa nyanja, ndipo intaneti inavuta kwa masiku angapo m'maiko a kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo Malawi. Palibe malangizo a pulogalamu amene akanalumikiza zingwezo. Magetsi akazima pa nsanja ya foni, Linux ilibe chonena. Mtengo wa bandulo nawo sukonzedwa ndi chigamba.

Chinanso n'chakuti nkhokwe yotupayo ikhoza kukhala m'makina a kampani ya mafoni, kumene ife sitingafike. Ndipo mafoni ambiri otsika mtengo amene timagula salandiranso zokonza pakapita zaka zochepa, moti cholakwika chimene chinakonzedwa kale chimakhalabe m'thumba mwathu. Komabe pamene anthu ambiri akugawana njira imodzi yothina, monga pasukulu, pachipatala kapena pamalo ogona alendo, kakonzedwe ka mzere ndi kamene kamasiyanitsa intaneti yogwira ntchito ndi yongotopetsa, popanda kuwonjezera ndalama ya bandulo.

Mbali yathu

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ambiri mwa olemba mapulogalamuwa amakhala kumene intaneti ndi yothamanga ndipo magetsi sazimazima. Zimene zimachitika pa foni yakale, pa netiweki yothina, nthawi ya mwera kapena ya mvula yamkuntho, iwo saziona tsiku ndi tsiku. Timaziona ndife. Nazi zinthu zinayi zimene wophunzira angayambire.

Choyamba, tiyeze. Pa kompyuta ya Windows kapena Linux pali lamulo lotchedwa ping, limene limaonetsa nthawi imene paketi yatenga kupita ndi kubwerera. Tiliyendetse netiweki ili phee, tilembe chiwerengero. Kenako tiyambe kutumiza fayilo yaikulu uku ping ikuyendabe. Chiwerengero chikalumpha kuchoka pa mamilisekondi makumi angapo kufika pa mazana ambiri kapena kupitirira 1,000, tagwira nkhokwe yotupa.

Chachiwiri, ngati router ikulola OpenWrt, ndipo eni ake atipatsa chilolezo, tingayatse gawo lotchedwa SQM n'kuliuza liwiro lotsikirapo pang'ono pa liwiro lenileni la njirayo, mwina 90 pa 100 alionse. Potero mzere umasamukira mu router yathu, mmene fq_codel kapena CAKE ingauyang'anire. Timataya kaliwiro pang'ono, koma foni imamveka ngakhale wina akutumiza vidiyo.

Chachitatu, tiphunzire kufotokoza vuto. Mawu oti "sizikuyenda" sathandiza wokonza, monga mmene "ndikudwala" sakwanira kwa dokotala. Lipoti labwino limanena chipangizo, mtundu wa pulogalamu, chimene tinachita, chimene timayembekezera, chimene chinachitika, ndi ngati chimabwerezeka. Tisanyoze zinthu zazing'ono. Mu March 2024 Andres Freund anadabwa kuti kulowa mu kompyuta yake kuchokera patali kukuchedwa ndi theka la sekondi. Atatsata kuchedwako anapeza khomo lachinsinsi limene munthu wina anabisa mu pulogalamu yotchedwa xz, lisanafalikire m'makompyuta ambiri.

Chachinayi, amene ali ndi chidwi aike Linux pa laputopu yakale, aphunzire chilankhulo cha C chimene mbali yaikulu ya Linux inalembedwamo, ndipo ayambe ndi kuyesa zigamba za ena. Pali madongosolo monga Outreachy ndi Google Summer of Code amene amalumikiza ongoyamba kumene ndi akatswiri, munthu ali kwawo. Wowerenga chigamba safunsa ngati chachokera ku Helsinki kapena ku Chizumulu. Amafunsa ngati chikukonzadi vutolo.

Ilala inayamba kuyenda panyanja yathu mu 1951, ndipo yakhalitsa chonchi chifukwa cha anthu amene amatsikira kuchipinda cha injini kukamvetsera pamene pakugogoda. Apaulendo sitiwadziwa mayina. Tsiku lina foni ya ku Likoma ikadzamveka bwino pamene wina pafupi akutumiza vidiyo, tidzadziwe kuti penapake munthu anakhala pansi n'kukonza mzere. Ndipo ikadzadukaduka, tisanazimitse foni n'kuyatsanso, titsegule ping, tilembe chiwerengero.